Khoma la Hadrian, malo amene omanga anasintha pulani: zolemba za kafukufuku wanga

8 Epulo

Lero aphunzitsi ondiyang'anira avomereza mutu wa kafukufuku wanga, koma ayamba ausadza nthambi. Ine ndinalowa mu ofesi mwawo ndi funso lalikulu: kodi Aroma anamangiranji khoma lopingasa kumpoto kwa England, kuchokera kunyanja ya kum'mawa mpaka ya kumadzulo? Anandimvetsera mpaka ndinatha mawu, kenaka anati funso limenelo akatswiri akhala akukokana nalo kwa mibadwo, pomwe ine ndili ndi miyezi isanu yokha. "Sankhani chinthu chimene mungakachigwire ndi manja, n'kuchiyeza ndi tepi," anatero. Tamvana kuti ndilondole malo amene akuonetsa kuti omanga anasintha pulani ntchito ili m'kati: pamene khoma likuwonda mwadzidzidzi, pamene nsanja inagwetsedwa itangomangidwa kumene, ndiponso zipata zimene zinachepetsedwa kapena kutsekedwa.

Kwa amene malowa simunawaonepo: khomali linayamba kumangidwa cha m'chaka cha 122 AD, chaka chimene Kaisara Hadrian anafika ku Britain. Likuyambira ku Wallsend, m'mbali mwa mtsinje wa Tyne, n'kukathera ku Bowness-on-Solway, mtunda wa mailosi a Chiroma 80, omwe ndi makilomita pafupifupi 117. Analimanga ndi asilikali a magulu atatu akuluakulu, II Augusta, VI Victrix ndi XX Valeria Victrix, bwanamkubwa wa chigawochi ali Aulus Platorius Nepos. Pa mailo iliyonse panali kalinga kakang'ono kokhala ndi zipata, kamene ofufuza amakatcha milecastle, ndipo pakati pa milecastle ina ndi inzake panali nsanja ziwiri.

Madzulo ano ndakhala ndikusankha mawu oti ndizigwiritsa ntchito m'zolembazi. Dzina loti linga ndalisungira malo aakulu okhalamo asilikali mazanamazana, monga Housesteads ndi Chesters, popeza kwathu linga ndi malo amene anthu ankadzitchingiramo pa nthawi ya nkhondo. Milecastle ndaisiya momwemo. Mkulu wa asilikali amene dzina lake limapezeka pa timiyala tozokotedwa m'khomali, kusonyeza gawo limene anyamata ake anamanga, ndi kenturiyo yemwe uja timamudziwa m'Baibulo.

20 Epulo

Masabata awiri athera mu laibulale. M'mabuku onse a Aroma amene anatsala, chiganizo chonena kuti Hadrian ndiye anamanga khomali ndi chimodzi chokha. Chili mu Historia Augusta, buku lolembedwa patapita zaka zoposa 200 mwini wakeyo atamwalira, ndipo chimangoti anamanga khoma la mailosi 80 lolekanitsa Aroma ndi anthu akunja. Basi. Zina zonse zimene tikudziwa zachokera pansi, m'nthaka ndi pa miyala.

Bede, mmonke wa ku Jarrow amene anamaliza kulemba mbiri yake mu 731, analiona likadali chiimire, ndipo analemba kuti linali lochindikala mapazi 8, msinkhu wake mapazi 12. Koma iye ankakhulupirira kuti linamangidwa Aroma atatsala pang'ono kuchoka ku Britain. Ena pambuyo pake analipereka kwa Kaisara Septimius Severus. Nkhaniyi inawongoka mu 1840, pamene m'busa John Hodgson anasonkhanitsa umboni, kuphatikizapo miyala ya pa milecastle yolembedwa dzina la Hadrian ndi la Nepos, n'kuonetsa kuti mwini khoma ndi Hadrian. Mfundo yaikulu chonchi anaiika m'mawu a m'munsi mwa tsamba m'buku lake la mbiri ya Northumberland.

Ndayamba tebulo pa kompyuta. Mzere uliwonse ndi milecastle kapena nsanja, potsata manambala amene R. G. Collingwood anakhazikitsa mu 1930, oyambira kum'mawa kupita kumadzulo, nsanja zikutenga nambala ya milecastle ya kum'mawa kwake ndi chilembo a kapena b. Mizere yambiri ya kum'mawa ndailemba kuti "pansi pa msewu". Itatha nkhondo ya mu 1745, boma linalambula msewu wa asilikali kuchokera ku Newcastle kupita ku Carlisle, ndipo kwa mtunda wautali omanga anagumula khoma n'kuyala msewu pamwamba pake. Lero ndi B6318. Galimoto zimathamanga pa maziko a Aroma tsiku lililonse.

3 Meyi

Ulendo woyamba wa kukhoma. Ndinayambira ku Heddon-on-the-Wall kuti maso azolowere khoma lonenepa, la pulani yoyamba, lochindikala mapazi a Chiroma 10, pafupifupi mamita atatu. Ndinagoneka tepi pamwamba pake ndipo ndinaona kuti ngolo ikhoza kuimikidwapo popanda tayala kulendewera. Kunja kuli miyala yosemedwa ya misinkhu yofananako, yoti munthu mmodzi n'kunyamula, pakati anathiramo miyala yosasema.

Masana ndinafika ku Planetrees, kum'mawa kwa Chollerford. Ndi kachigawo kafupi, m'munda wa msipu m'mbali mwa msewu, koma ndinakhalapo maola atatu. Ukayenda motsatira khomalo kuchokera kum'mawa, likubwera lonenepa bwinobwino, kenaka mbali ya kum'mwera ikubwerera m'kati mwadzidzidzi ngati sitepe, ndipo likupitirira lili lowonda. Koma maziko apansi sakuwonda. Akupitirira ndi kuchindikala kwawo kwakale, moti mbali ina ya mazikowo ili pamtetete ngati khonde losamangidwapo. Ngakhale kangalande kotulutsira madzi kanapangidwa molingana ndi maziko onenepawo, ndipo kakutulukira kunja kwa khoma lowondalo. Ndinagwada pansi n'kuika dzanja pakona pamene makoma awiriwa akukumana. Pamenepo wina analandira lamulo latsopano, n'kuuza anzake kuti kuyambira pano tichepetse.

Pa nsanja ya Brunton, 26b, ulendo wa mphindi zochepa kuchokera pamenepo, nkhani ndi yomweyo. Nsanja zinkamangidwa ndi timapiko ta khoma uku ndi uku, todikira kuti khoma lalikulu lidzalumikizidwe. Timapikoto n'tonenepa. Kumadzulo kwa nsanjayi khoma lonenepa linafika. Kum'mawa kunafika lowonda.

Usiku ndinatumiza zithunzi za ku Planetrees kwa amalume anga kumudzi, amene akhala akugwira levulo ndi chingwe kuyambira ndisanabadwe. Sindinawafotokozere kanthu, ndinangoti, "Amalume, tandionereniko ntchito iyi." Anayimba foni.

"Mphwanga, apa panagwira magulu awiri. Amene anayala maziko si amene anakweza khoma."

"Mwaonera chiyani?"

"Munthu sayala maziko otere akudziwa kuti amanga kakhoma kochepa. N'kutaya miyala ndi thukuta. Oyambawo anapita patsogolo ndi maziko awo, achiwiriwa anabwera ndi mawu ena. Kapena nthawi inawathera, kapena mwini nyumba anasintha maganizo."

Zimene ananenazo n'zimene mabuku a akatswiri amanena: gulu loyala maziko linkatsogola, omanga nsanja ndi ma milecastle n'kumatsatira, okweza khoma n'kumabwera pambuyo. M'chigawo chapakati ofukula anapeza malo amene maziko onenepa anakhala osamangidwapo mpaka dothi linaunjikana pamwamba pake, khoma lowonda lisanafike.

11 Meyi

Limestone Corner, kufupi ndi milecastle 30, pomwe khoma likufika kumpoto kwenikweni. Dzinali n'losocheretsa chifukwa mwala wa pamenepa si wa laimu ayi, ndi thanthwe lakuda lolimba kwambiri la Whin Sill. Kumpoto kwa khoma kunkayenera kukhala ngalande yakuya, ndipo asilikali anaikumba mpaka anafika pathanthweli. Pakati pa ngalandeyo pali chimwala chimene chili ndi timabowo pamwamba, tosemedwa kuti akhomemo mphero zong'ambira. Sichinang'ambike. Anachisiya pomwepo, ndi zimiyala zina zimene anazitulutsa kale zili mbwee m'mphepete. Ndinalowetsa zala m'timabowoto. Muli madzi a mvula ndi ndere.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti kum'mwera kwa msewu, pathanthwe lomwelo, ngalande ina yotchedwa Vallum, yotsata khoma kumbuyo kwake, anaiboola mpaka kumaliza. Ngalande yoyang'ana adani anaileka, yakumbuyo kwawo anaipirira. Ndailemba mfundoyi ndi inki yofiira, ndidzaibwerera.

25 Meyi

Ndataya ntchito ya masiku awiri, ndipo ndiyenera kulemba momwe zinakhalira. Sabata yatha ndinayenda pakati pa Steel Rigg ndi Housesteads, pamene khoma limakwera ndi kutsika zitunda, chigawo chimene chimajambulidwa kwambiri. Ndinkawerenga mizere ya miyala n'kumayeza msinkhu wa mzere uliwonse, poganiza kuti ndiona pamene gulu lina linasiyira ndi pamene lina linayambira. Ndinadzaza masamba ambiri, mphepo ikukokera kope uku ndi uku.

Nditaonetsa aphunzitsi, anayang'ana zithunzi kaye, n'kundifunsa kuti, "Pakati pa miyalayi munaonapo matope omangira?" Munalibe. "Nanga pamwamba pake pali chiyani?" Udzu. Pamenepo anandiuza kuti ndinayeza khoma la Clayton.

John Clayton, amene anakhala ndi moyo kuyambira 1792 mpaka 1890, anali loya komanso mlembi wa mzinda wa Newcastle, ndipo nyumba yake inali ku Chesters. Anagula minda yambiri m'mbali mwa khoma pofuna kuletsa alimi kutapa miyala. Antchito ake anafukula khomalo, natola miyala imene inagwa, naisanjanso pamwamba pa mizere yapansi popanda matope, n'kuyala udzu pamwamba. Popanda bamboyu chigawo chapakati bwenzi chitatha, ndipo ndikumulemekeza. Koma mizere yapamwambayo ndi ya amisiri a m'zaka za m'ma 1800, si ya asilikali a Hadrian. Kwina, monga ku Walltown ndi ku Willowford, khoma linalimbitsidwa ndi antchito a boma m'zaka za m'ma 1900, amene ankachotsa miyala n'kuibwezera pamalo pake ndi matope atsopano. Komanso Aroma eni ake analikonzanso kangapo, makamaka m'masiku a Severus. Ku mtsinje wa Gelt, kufupi ndi Brampton, asilikali oswa miyala yokonzera khoma anasiya mayina awo pathanthwe mu 207.

Zandiwawa, koma ndibwino kuti zadziwika mu Meyi, osati mu Ogasiti. Ndawonjezera danga latsopano m'tebulo, ndipo ndalitcha "manja a ndani". Kuyambira tsopano sindilemba muyezo uliwonse ndisanayankhe funso limeneli kuchokera m'malipoti a ofukula. Miyezo ya maziko ndi mizere yapansi yatsala, ina yonse ndaichotsa.

7 Juni

Masiku atatu ku Housesteads ndi ku Chesters. Ndimakwera sitima mpaka ku Hexham, kenaka basi ya nambala AD122.

Pa pulani yoyamba pakhoma panalibe malinga. Asilikali ambiri ankakhala kumbuyo, m'malinga akale a m'mbali mwa msewu wa Stanegate, monga Corbridge, Vindolanda ndi Carlisle. Ntchito ili m'kati panabwera ganizo lakuti malinga amangidwe pakhoma penipeni. Umboni wake ku Housesteads uli poyera: m'kati mwa linga, kufupi ndi khoma la kumpoto, muli maziko a nsanja 36b. Inamangidwa, kenaka inagwetsedwa kuti linga likhale, ndipo mzere wa khoma unasunthidwira kumpoto, m'mphepete mwa phompho. Anthu odzaona malo amaidutsa pothamangira ku zimbudzi za asilikali, zimene n'zotchukadi ndipo n'zoyenera kuziona, koma ine ndinakhala pa maziko a nsanjayo mpaka mvula inandithamangitsa. Ku Chesters nako nsanja 27a ili pansi pa linga.

Chesters linali linga la asilikali a pa akavalo, ndipo linamangidwa mopingasa khoma, mbali ina ili kumpoto kwake. Mwa zipata zake zikuluzikulu zinayi, zitatu zikutulukira kumpoto kwa khoma, chilichonse chili ndi makomo awiri. Amene anakonza zimenezi sankaganiza zobisala kuseri kwa miyala. Ankafuna kuti akavalo mazana atuluke msanga kukakumana ndi adani kutchire.

Kumadzulo kwa Housesteads kuli milecastle 37. Chipata chake cha kumpoto chili ndi mizati ya miyala ikuluikulu ndi mbali ya uta wa pamwamba, imene inabwezeredwa pamalo pake masiku ano, motero mu danga langa latsopano ndalemba manja awiri. Ukatuluka pachipatacho, masitepe ochepa okha wafika potsetsereka poopsa. Palibe ngolo ingadutse pamenepo. Anamanga chipata chifukwa pulani inati pa mailo iliyonse pakhale chipata, ndipo pambuyo pake anachitchinga ndi miyala. Peter Hill, mmisiri wosema miyala amene anafufuza kamangidwe ka khomali, anaonetsa kuti pa zipata zina ntchito inayamba mwaluso koma inatsirizidwa mothamanga, miyala yapamwamba ili yosasalazidwa ngati yapansi. Tsopano ndikaima pa mzati ndimayamba kuyang'ana pansi n'kumakwera.

15 Juni

Benwell. Pakati pa nyumba za anthu, kumadzulo kwa Newcastle, pali kamalo kotchingidwa ndi mpanda komwe kuli mlatho wa dothi ndi miyala wodutsa Vallum, ndi maziko a chipata chimene chinali pamwamba pake. Mayi wina ankayanika zovala kuseri kwa nyumba yoyang'anana ndi malowo.

Vallum ndi ngalande yotakata mamita 6, yakuya mamita atatu, pansi pake pafulati, yokhala ndi mitumbira iwiri, wina kumpoto wina kum'mwera. Zonse pamodzi zikutenga malo okwana mamita pafupifupi 36, ndipo zikutsata khoma kumbali ya kum'mwera, kumbuyo kwa asilikali. Ikafika pa malinga ena monga Benwell ndi Birdoswald imakhota kuwazungulira, kusonyeza kuti malingawo analipo kale kapena anali atakonzedwa. Koma ku Carrawburgh linga linamangidwa pamwamba pa Vallum yokwiriridwa, ndiye kuti ilo linabwera mochedwa. Ndondomeko ya ntchito yonse ikuwerengeka chonchi, china pamwamba pa chinzake.

Apa ndi pamene mtima wa kafukufukuyu uli. Pa pulani yoyamba munthu akanatha kudutsa khoma pa malo pafupifupi 80. Vallum itakumbidwa, podutsira panatsala pa malinga pokha, malo osakwana 20, ndipo paliponse pali chipata chotsekedwa ndi asilikali. Zimenezi zinachitika m'zaka zochepa zokha.

Akatswiri anagawikana. Ena, potsatira David Breeze ndi Brian Dobson, amaona khomali ngati chida choyendetsera anthu: kudziwa amene akulowa ndi kutuluka, kuletsa akuba ziweto ndi timagulu tofunkha, pomwe nkhondo yeniyeni inkamenyedwa kutchire. Ena amaloza maenje amene anapezeka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ku Byker ndi ku Throckley, pakati pa khoma ndi ngalande ya kumpoto, momwe munkazikidwa nthambi zosongoka, n'kumati zoterezi zimaikidwa pamalo poyembekezera kuukiridwa. Ine pakali pano ndikuona kuti funso loti "linali la chiyani" likulakwika chifukwa likufuna yankho limodzi. Khoma la chaka choyamba ndi khoma la zaka zisanu pambuyo pake sizinali ndi cholinga chofanana ndendende. Ndipo ngalande ya ku Limestone Corner ija ikundiuza kuti anthu a kum'mwera, amene pa mapu anali kale mu ufumu wa Roma, ankawadetsa nkhawa asilikali osachepera anthu a kumpoto.

29 Juni

Kumadzulo: Gilsland, Willowford, Birdoswald. Milecastle 48, Poltross Burn, ili pamalo otsetsereka m'mbali mwa njanji, ndipo inafukulidwa mu 1909. Muli masitepe ochepa apansi a makwerero opita pamwamba pa khoma. Powerengera kapendekedwe kake, ofufuza anapeza kuti poyenda asilikali panali pa msinkhu wa mamita pafupifupi anayi. Chipata cha kumpoto pano nacho chinachepetsedwa, moti pamene pankadutsa ngolo panatsala khomo la munthu woyenda pansi. Ndajambula bwino pamene miyala yotchingirayo ikugundana ndi mzati wakale.

Kuchokera pamenepo mpaka pa mtsinje wa Irthing, khoma lowonda likuyenda pa maziko onenepa mtunda wautali, ndipo nsanja 48a ndi 48b zili ndi timapiko tonenepa ngati ku Brunton. Tsidya la Irthing pulani yoyamba inali ina: khoma la dothi, lomangidwa ndi zibuma zodulidwa ndi udzu wake womwe, lochindikala mapazi a Chiroma 20, mpaka kukafika ku Bowness. Pambuyo pake linamangidwanso ndi miyala. Kumadzulo kwa Birdoswald makoma awiriwa akusiyana njira kwa mailosi pafupifupi awiri, ndipo n'chifukwa chake la dothilo linapulumuka pamenepo. Analizindikira ku Appletree mu 1895, Francis Haverfield ndi anzake atadula mtumbirawo n'kuona mizere yakuda ndi yotuwa, udzu wowola ndi dothi, zosanjikizana.

Mapazi atupa. Mawa ndipuma.

12 Julayi

Ndawerenga za zimene zili pansi pa khoma, ndipo zasintha mutu wanga wachitatu. Pansi pa malinga a Wallsend, Rudchester ndi Carrawburgh ofukula anapeza mikwasa ya makasu a ng'ombe m'nthaka. Inali minda. Anthu ankalima pamenepo mpaka asilikali anafika ndi zingwe zawo zoyezera. Kumpoto kwa Newcastle, midzi ina imene inakhalapo kwa mibadwo yambiri, monga ya ku East Brunton ndi West Brunton, inasanduka mabwinja cha m'nyengo yomweyo imene malirewa ankakhazikitsidwa.

Munthu amene anakulira kumudzi safunika kumufotokozera tanthauzo la mzere wodutsa pakati pa munda, kapena pakati pa khola ndi dambo lodyetserako ng'ombe. Ndikalemba m'tebulo kuti "chipata cha kumpoto, chochepetsedwa", ndikudziwa tsopano kuti panali wina amene njira yake ya masiku onse inatalika, kapena inatha. Anthu amenewo sanasiye kalata ngakhale imodzi.

Amene anasiya makalata ndi asilikali. Dzulo ndinali ku Vindolanda, komwe mu 1973 Robin Birley anayamba kupeza timatabwa topyapyala tolembedwa ndi inki, tosungika m'dothi lonyowa lopanda mpweya. Ambiri mwa iwo ndi akale kuposa khoma, a m'zaka za kumapeto kwa 90 ndi kumayambiriro kwa 100. Muli kalata ya Claudia Severa, mkazi wa mkulu wa asilikali, yoitanira Sulpicia Lepidina, mkazi wa mkulu wa lingali, ku phwando la tsiku lake lobadwa pa 11 Sepitembala. Muli lipoti la gulu loyamba la Atungri, asilikali a fuko la m'dziko la Belgium la lero: amuna 752, mwa iwo 456 ali kwina pa ntchito, 296 ali pa linga, ndipo mwa otsalawo 31 sangagwire ntchito, 10 chifukwa cha maso. Muli mkulu wa apakavalo wopempha kuti awatumizire mowa chifukwa anyamata ake wawathera. Eni dziko akutchulidwa pa kathabwa kena ndi liwu lakuti Brittunculi. M'Chichewa liwuli silivuta kumasulira, chifukwa ifenso tili ndi kachepetsedwe konyoza komweko: tianthu ta ku Britain.

19 Julayi

South Shields, linga la Arbeia, pamathiriro a Tyne. Ndinapitira mwala wa pamanda a Regina, mkazi wa fuko la Catuvellauni la kum'mwera kwa Britain, amene anali kapolo, namasulidwa, nakwatiwa ndi Barates wa ku Palmyra ku Syria. Anamwalira ali ndi zaka 30. Pansi pa mawu a Chilatini mwamunayo anawonjezera mzere wa chilankhulo chakwawo, womulira mkazi wake. Pafupi pake pali mwala wa Victor, Mmoor wa kumpoto kwa Africa, amene anamwalira ali ndi zaka 20. Ku Burgh by Sands, kumapeto a kumadzulo, kunakhalapo gulu la asilikali a Chimoor m'zaka za m'ma 250. Severus mwini, amene anafera ku York mu 211, anabadwira ku Leptis Magna, m'dziko la Libya la lero.

Ndinafuna kulemba mutu wathunthu wa anthu a ku Africa pa malirewa. Aphunzitsi akana, ndipo akunena zoona: si funso langa la chaka chino. Ndasunga zonse mu fayilo ina.

2 Ogasiti

Tsiku limodzi ku Scotland, kukaona khoma la Antoninus, poti sindingathe kunena za kusintha kwa pulani osatchula kusintha kwakukulu kuposa konse. Hadrian anamwalira mu 138, ndipo cha mu 142 wolowa m'malo mwake, Antoninus Pius, anasunthira malire kumpoto. Bwanamkubwa Quintus Lollius Urbicus, wochokera ku Tiddis m'dziko la Algeria la lero, ndiye anatsogolera nkhondoyo. Khoma latsopano linali la dothi pa maziko a miyala, makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Bo'ness mpaka ku Old Kilpatrick. Vallum kulibe. Malinga ali pafupipafupi. Ku Watling Lodge ngalande ikadali yotakata mamita pafupifupi 12, ndipo ku Rough Castle kuli mizere ya maenje a misampha, ofanana cholinga ndi a ku Byker aja. Pa nthawi imeneyi ku khoma la Hadrian zitseko za ma milecastle zinachotsedwa, ndipo mitumbira ya Vallum inadulidwa m'malo ambiri. Patangotha zaka pafupifupi 20 asilikali anabwerera kum'mwera n'kuyamba kukonzanso zimene anasiya.

Ndiye kuti chipata chimodzi chikhoza kukhala ndi mbiri ya magawo anayi: kumangidwa, kutsekerezedwa ndi Vallum, kuchotsedwa zitseko, kenaka kuchepetsedwa. Danga limodzi la "chipata" m'tebulo silikukwanira. Ndaligawa panayi.

Za ku Germany ndangowerenga. Malire a kumeneko, a makilomita 550, m'masiku a Hadrian anali mpanda wa mitengo, ndipo mitengo ya ku Marköbel, poiwerenga mizere ya zaka, inadulidwa m'nyengo yozizira ya 119 ndi 120. Zidzatenga ndime imodzi m'mawu oyamba, kuonetsa kuti khoma lochindikala mamita atatu silinali chizolowezi cha Aroma paliponse.

16 Ogasiti

Pamene ndafika: mutu woyamba, wa mbiri ya kafukufuku kuyambira kwa Bede mpaka lero, watha ndipo aphunzitsi aubweza ndi zokonza zochepa. Mutu wachiwiri, wa khoma lonenepa ndi lowonda, walembedwa koma ukusowa mapu. Wachitatu, wa zipata ndi Vallum, uli pakati, ndipo ndi umene ukundidzutsa usiku. Aphunzitsi anadula mzere pansi pa ndime ya minda ija n'kulemba m'mbali kuti ndisiyanitse zimene nthaka ikuonetsa ndi zimene ine ndikumva. Ndailembanso kawiri. Mikwasa ya makasu ndi mabwinja zatsala monga umboni, ndipo zonena za njira za anthu ndaziika poyera kuti ndi kumasulira kwanga.

M'tebulo, ma milecastle a kumadzulo kwa Birdoswald akadali ndi mipata yambiri m'danga la "manja a ndani", chifukwa malipoti ake ali m'magazini akale a bungwe la ofufuza zakale la Cumberland ndi Westmorland, ndipo ndiyenera kuwawerenga limodzi ndi limodzi. Ndapatula masiku anayi sabata ya mawa. Zithunzi za ku Brunton zinatuluka zakuda chifukwa cha mthunzi wa mitengo, choncho Loweruka ndibwererako m'mawa, ndikadzere ku Planetrees kukayezanso kangalande kaja, popeza tsiku loyamba lija ndinayeza kutalika kwake kokha osalemba mbali imene ili pansi pa khoma lowonda ndi imene ili kunja. Amalume apempha chithunzi cha chimwala cha ku Limestone Corner, akuti akufuna aone mmene anakhomera mpherozo.